Thupi Limene Ndinkabisalamo

Chizindikiro choyamba chinali siketi ya yunifomu. Munali mu Novembala 2005, m'mawa wina ndikukonzekera kupita kuntchito, pamene ndinaona kuti siketi imene inkandivuta kutseka zipi yayamba kuzungulira yokha m'chiuno. Ndinaipinda kumbuyo, n'kuibaya pini, n'kupita kokakwera basi. Sindinadabwe ndipo sindinalire. Mumtima ndinangoti, basi, zija zafika.

Kuti mumvetse zimene ndinkaganiza kuti zafika, ndibwerere m'mbuyo pang'ono. Mwamuna wanga, bambo a Thoko, anamwalira ku Malawi mu 1998. Anaonda mpaka wotchi inkatsetsereka kufika pachigongono. Magazi sanayezetse, ndipo palibe anatchula dzina la matendawo. Pamaliro mlaliki anangoti anadwala nthawi yaitali, aliyense n'kumva zimene ankatanthauza. Kuyambira tsiku limenelo azilamu anga ankati akamandipatsa moni, maso ali pakhosi ndi pamikono panga. Mmodzi ndinamumva ndi makutu angawa akuuza mnzake kuti sindidzalawa chimanga chachiwisi cha chaka chotsatira.

Ndinachilawa, ndipo sindinalekere pomwepo. Ndinaona kuti munthu wonenepa sanenedwa za kaliwondewonde, choncho ndinayamba kudya ngati ntchito. Nditabwera ku London mu 2001 n'kupeza ntchito m'nyumba yosamalira okalamba ku Catford, zinthu zinaphweka. Nkhuku yokazinga ndi tchipisi zinali pakona iliyonse ya Lewisham, buledi ndinkapaka majarini mbali zonse, ndipo tiyi wanga ankachita kumata milomo ndi shuga. Kutchalitchi kwathu, kumene timasonkhana Lamlungu masana mu holo ya sukulu, azimayi ankandiwombera m'manja amvekere, "Koma ndiye mwanenepatu, London yakuyanjani!" Ine ndinkamva ngati andipatsa satifiketi. Khirisimasi iliyonse ndinkajambulitsa chithunzi nditaima cham'mbali kuti thupi lonse lioneke, n'kutumiza kwa mayi anga ku Ntcheu, kuti azionetsa aliyense wofuna kudziwa ngati wamasiye uja akadali moyo.

Kuyezetsa kokha ndiye ayi. Ndinkadziwa bwino kuti kuno mankhwala a kachilombo alipo ndipo anthu akukhala nawo moyo, koma zimenezo zinkathera m'mutu, osatsikira kumtima. Sikelo inkandiyankha funso limene ndinkaopa kufunsa dokotala, ndipo inkayankha zokoma. Dokotala wa m'dera lathu, amene kuno timangoti GP, ankandiuza kawirikawiri kuti ndichepetse thupi chifukwa magazi anga ankathamanga. Ndinkagwedeza mutu mwaulemu, uku mumtima ndikuti, mzungu woonda ngati bango angadziwe chiyani za thupi la mzimayi.

Nyengo yozizira ya 2005 ija zinthu zinabwera chimodzichimodzi. Chilakolako cha chakudya chinachoka. Nkhuku yokazinga ija inayamba kundinunkhira moti ndinkawoloka msewu kuti ndisadutse pakhomo pa shopu. Pansi pa chifuwa pankapweteka mopita kumsana, ndipo ululu unkachepa ndikakhala chowerama. Ndinkati ndi kunyamula okalamba. Ludzu linkandigwira ngati ndalima tsiku lonse, chonsecho kunja kuli chisanu. Mu Januwale ndinapita kwa GP kukatenga mankhwala a kuthamanga kwa magazi, namwino n'kundikweza pasikelo. Anasangalala kwambiri. Anati ndachita bwino, ndipitirize zimene ndikuchitazo. Ndinamuthokoza n'kutuluka.

Ndiye azungu ankandiyamikira, a kwathu ndinkawabisira, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe, ngakhale ine mwiniwakene, amene anaganizako za matenda ena. Ndinayamba kuvala majuzi awiri m'kati mwa diresi ya kutchalitchi, ndi chitenje chopindapinda m'chiuno. Chisanu cha ku London chimathandiza wobisa, pakuti aliyense amaoneka wonenepa m'chijekete. Chithunzi cha Khirisimasi imeneyo ndinajambulitsa panja, nditamanga mabatani mpaka m'khosi.

Za mmene ndinkamvera m'miyezi imeneyo ndilibe zambiri zonena, chifukwa sindinkamva kanthu. Ndinkadzuka, kukwera basi, kusambitsa okalamba, kuwadyetsa, kubwerera, kugona. Zinali ngati ndikuonerera mzimayi wina akugwira ntchito yanga. Thoko, mwana wanga mmodzi yekhayo, anali pa koleji ndipo tinkakhala awiri m'kafulati kathu. Ndinayamba kumuphunzitsa zinthu popanda kumuuza chifukwa chake: kuphika nyemba, potsekera madzi paipi ikaphulika, mayina a abale amene angawadalire ndi amene ayenera kungowapatsa moni. Iye ankandiyankha m'Chingerezi monga mwa nthawi zonse, n'kumachita zimene ndamuuza.

Mu Malichi thupi linayamba kuyabwa, makamaka m'manja ndi kumapazi. Ndinkakanda mpaka kutuluka magazi. Mkodzo unada ngati tiyi wopanda mkaka, chimbudzi n'kutuwa ngati dothi la makande louma. Ngakhale zimenezi sizinandidzutse. Bambo a Thoko nawonso ankadzikanda m'miyezi yawo yomaliza, ndiye chilichonse chimene chinkabwera ndinkachiika m'thumba lomwelo.

Amene anandigwira ndi Anabanda. Iwowa ndi namwino pa chipatala china ku Edmonton, anabadwira pa famu ku Zimbabwe koma makolo awo ndi a ku Dedza, ndipo timapemphera limodzi. Linali Lamlungu lina mu Epulo, tsiku loyamba la dzuwa lenileni chaka chimenecho. Miyezi yonse yozizira munthu suonana ndi mnzako padzuwa, mumangoonana pansi pa magetsi, ndipo khungu lathuli silionetsa chikasu msanga. Titaima podikira basi, anandigwira chibwano n'kunditembenuzira kudzuwa, kenako anakoka chikope changa ndi chala.

"Amayi a Thoko, maso anuwa ali yelo. Zayamba liti?"

"Ndi kutopa chabe, mashifiti achuluka."

"Kutopa sikupenta maso. Basi ya kunyumba ipite yokha, ife tikupita ku A&E pompano."

Anandigwira mkono kuti ndisathawe, ndipo zala zawo zinamira m'majuzi awiri aja mpaka kukapeza fupa. Anandiyang'ana, n'kundikokera ku basi ya kuchipatala.

Kumeneko, ku mbali ya odwala mwadzidzidzi, tinadikira pamipando yolimba ija mpaka usiku. Ananditenga magazi, n'kundiuza kuti ndigonekedwa. M'mawa mwake dokotala wina wachitsikana, atamva mbiri ya mwamuna wanga, anandifunsa ngati ndingalole kuti ayeze kachilombo. Ndinavomera. Ndinali nditatopa kuthawa, komanso ndinkaona kuti yankho ndikulidziwa kale. Podikira zotsatira anandijambula m'mimba kawiri, koyamba ndi kamakina kopaka mafuta ozizira, kachiwiri m'chimakina chachikulu chimene umalowamo chogona.

Zotsatira za kachilombo ndi zimene zinayamba kubwera. Ndinalibe. Ndinamuuza dokotala uja kuti abwereze, n'kubwereza. Ndinaseka mokweza mpaka odwala anzanga kutembenuka, ndinakweza manja ndi dripi yomwe. Thoko atabwera madzulo ndinamuuza zonse, kuyambira pa maliro a bambo ake. Analira, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri anandiyankha m'Chichewa chake chopindikacho. Anati mapini a pasiketi ankawaona akamachapa, majuzi ankawaonanso, ndipo ankaganiza zomwe ine ndinkaganiza, koma ankaopa kundichititsa manyazi. Tinakhala m'nyumba imodzi miyezi yonseyo, aliyense atasenza maliro omwewo payekha. Tsiku limenelo ndinadya chakudya cha m'chipatala chonse, mbale mbee.

Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. M'mawa mwake kunabwera dokotala wamkulu ndi namwino wina amene sindinamuonepo. Anatseka makatani kuzungulira bedi, namwino uja n'kukhala pampando pafupi ndi mutu wanga. Dokotala anati zithunzi zaonetsa chotupa pamutu pa kapamba, chiwalo chimene chili kuseri kwa chifu, chimene chimathandiza kugaya chakudya ndi kuwongolera shuga m'magazi. Chotupacho chinali chitatseka kanjira ka ndulu, n'chifukwa chake maso anali achikasu ndipo thupi linkayabwa. Anati ndi khansa.

Ine kapamba ndinkangomudziwa pa nyama ya mbuzi. Ndinafunsa kuti, "Koma kachilombo ndilibe?" Anati ndilibe. Ndinati, "Ndiye chabwino." Dokotala anayang'ana namwino uja, namwino n'kundigwira dzanja. Ndikuganiza kuti ankayesa kuti sindinamve Chingerezi. Ndinamva liwu lililonse, kungoti mantha anga onse ndinali nditawathera pa matenda ena, ndipo a khansa ndinalibe poti n'kuwatenga.

Anandifunsa kuti kuonda kunayamba liti. Ndinati Novembala. Analemba, osandidzudzula. Kenako anafotokoza kuti pa khansa imeneyi chiyembekezo chenicheni chili pa opaleshoni yochotsa chotupa, koma anthu ambiri amafika mochedwa, chitamera kale pa mtsempha waukulu wa magazi umene umadutsa kuseri kwa kapamba. Chikatero sichichotsekanso. Changa chinali pafupi kwambiri ndi mtsemphawo koma chisanaugwire. Apa m'pamene ndinazindikira kuti miyezi yonse imene ndinkawonjezera majuzi, chotupa chinali paulendo wopita kumeneko, ndipo chinali chisanaime.

Poyamba anandilowetsa kapaipi kudzera kukamwa kuti katsegule kanjira ka ndulu. Kuyabwa kunachepa, koma patapita masiku ochepa ndinayamba kunjenjemera ndi kutentha thupi mpaka bedi kugwedezeka. Tizilombo tinali titalowa m'kanjira kaja. Anandiika pa mankhwala a m'dripi n'kunditumiza pa ambulansi ku chipatala chachikulu cha m'kati mwa London, kumene kuli madokotala a opaleshoni imeneyi.

Kumeneko ndi kumene ndinaphunzira kuti magazi amalankhula. Dokotala wa opaleshoni, bambo wodekha wolankhula ngati akuwerenga, anandiuza kuti pali zinthu ziwiri m'magazi anga zimene akuziyang'ana. Choyamba amachitcha CRP, ndipo chimakwera thupi likamatupa m'kati kapena likamalimbana ndi matenda. Chachiwiri ndi alubumini, chimene chimasonyeza ngati thupi lili ndi mphamvu zopoletsa bala. Kwa ine choyamba chinali pamwamba kwambiri, chachiwiri pansi. Anati akandidula zinthu zili choncho, zosoka za m'kati zikhoza kuphwasuka ndipo sindingadzuke. Tiyenera kudikira kuti nambala yoyamba itsike, yachiwiri ikwere. Ndinafunsa ngati chotupa nachonso chidikira. Anati ayi.

Tsiku lina, nambala itakana kutsika monga ankayembekezera, anakhala pansi n'kundifunsa za thupi langa lakale. Ndinamuonetsa chithunzi cha Khirisimasi ina chimene Thoko anabweretsa. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Anati mafuta ambiri, makamaka a pamimba, sangokhala phee ngati katundu. Amachititsa kuti thupi lizitupa pang'onopang'ono m'kati kwa zaka, mwiniwake osamva kanthu. Mmene ndinamvera ine, zili ngati moto wa padzala umene umangofuka pansipansi osaonetsa lawi. Anati kunenepa kwambiri kumawonjezera mpata wodwala khansa imeneyi, ndiponso madokotala aona kuti odwala amene magazi awo amaonetsa kutupa kwambiri nthawi zambiri sizimawayendera bwino. Sananene kuti kunenepa ndi kumene kunandidwalitsa. Anati zimenezo palibe angatsimikize pa munthu mmodzi, ndipo nambala yangayo inali ndi eni ake atatu, tizilombo tija, chotupa, ndi mafuta amene anali akadalipo pamimba ngakhale manja ndi miyendo zinali zitatha.

Atachoka ndinayang'ana chithunzi chija. Mzimayi wa pachithunzipo anali akumwetulira, ataima cham'mbali, akunyadira thupi limene analimanga dala kuti limuteteze ku pakamwa pa anthu. Sindinamukwiyire ndipo sindinamumvere chisoni. Ndinachiika m'kabati n'kutembenukira kukhoma.

Moyo wa m'wodi unali umodzimodzi tsiku ndi tsiku. Kusanache bwino kunkabwera mayi wotenga magazi ndi kangolo kake, n'kumasakasaka mtsempha m'manja mwanga mmene munali mutadzaza zipsera. Kenako tiyi. Kenako madokotala ankabwera gulu, kuima kumiyendo kwa bedi, wamng'ono n'kuwerenga nambala za tsikulo, wamkulu n'kugwedeza mutu. Tsiku lina yatsika, tsiku lina yaima, tsiku lina yakweranso pang'ono. Ankandipatsa timabotolo ta mkaka wolemera wotsekemera kuti ndizimwa pakati pa chakudya, ndipo ndinkamwa ngati mankhwala, ine amene kale sindinkafuna wondikakamiza kudya. Masana mtsikana wophunzitsa mafizo ankandiyendetsa m'khonde ndikukoka mtengo wa dripi. Ndinkapemphera, koma mawu ankangotuluka ngati ndikuwerenga chikwangwani.

Bedi loyang'anana ndi langa linali la mayi wina wa ku Jamaica, wa matenda ngati anga, wokonda kuimba nyimbo za kutchalitchi chapansipansi. Iyeyo ndi amene anandiuza zimene odwala onse a m'wodimo ankadziwa, kuti opaleshoni imeneyi ikatheka imatenga tsiku lonse, ndiye ukapita ku fiyeta uzipempha kuti uchedwe. Tsiku lake litafika anamutenga m'mawa. Tisanalandire chakudya chamasana tinamva kuti watuluka kale. Anamutsegula, n'kupeza chotupa chitagwira mtsempha, n'kumutseka. Atamubweza m'wodi palibe anafunsa kanthu, ndipo sanaimbenso.

Azimayi a kutchalitchi ankabwera Lamlungu atanyamula mandasi ndi nkhuku yokazinga. Ankandiona mmene ndinalili, wopanda majuzi, n'kumati, "Idyani asisi, mubwerere m'thupi." Ankanena ndi mtima wabwino. Ena, ndinamva pambuyo pake, ankanong'onezana m'basi kuti khansa ndi dzina la ku London la matenda omwe aja. Chinthu chimene ndinachiopa zaka zonse chinali chitachitika, anthu ankandinena, ndipo ndinapeza kuti sichinkapweteka n'komwe poyerekeza ndi kudikira nambala ya m'mawa. Anabanda okha ndi amene ankabwera chimanjamanja. Ankayang'ana dripi, kundikonzera pilo, n'kunditeta kuti ndimalize kabotolo ka mkaka.

Chakumapeto kwa Meyi nambala yoyamba inatsika n'kukhazikika, yachiwiri n'kukwerako. Anandijambulanso m'chimakina chija. Dokotala anati chotupa chakula pang'ono ndipo tsopano chatsamira mtsempha, koma ayesa. Sanalonjeze kanthu. Anati akatsegula ndi pamene adziwe.

Ananditenga m'mawa. Thoko anayenda pambali pa bedi mpaka pachitseko chimene achibale saloledwa kudutsa. Ndinamuuza kuti akadye, asangokhala panja. Sindikumbukira kuti ndinachita mantha. Ndinkawerenga magetsi a kudenga akudutsa, kenako wina anandiuza kuti ndipume kwambiri.

Nditatsitsimuka ndinali m'chipinda cha odwala mwakayakaya, mapaipi ali m'mphuno, m'khosi ndi m'mimba. Sindinafunse ngati ndili moyo kapena ngati chatheka. Ndinafunsa namwino ngati kunja kwada. Sanamve, ndinabwereza. Anati, "Kwada kalekale." Ndinatseka maso n'kugonanso.

Dokotala atabwera anati achotsa mutu wa kapamba, ndulu ndi mbali ina ya matumbo, n'kulumikiza zotsalazo. Chotupa anachita kuchisenda pa mtsempha. Ananena mosakweza mawu kuti ndikanachedwa masabata ochepa akananditseka osachotsa kanthu. Ngakhale pamenepo misozi sinabwere. Inabwera patapita masiku, namwino atandipatsa madzi oyamba pa kasiponji kuti ndinyowetse milomo. Ndinalira mpaka zosoka kupweteka, kulirira bambo a Thoko, mayi wa ku Jamaica uja, ndi miyezi imene ndinaitaya. Namwino anangoima pambali mpaka nditamaliza.

Kuchira kunali kwa pang'onopang'ono. Bala la pamimba linachita mafinya, ndipo anandiuza kuti pamene pali mafuta ambiri bala limachedwa kupola. Nditatuluka, namwino ankabwera kunyumba kudzalitsuka. Kenako ndinayamba kemo, mankhwala a khansa a m'dripi, kwa miyezi isanu ndi umodzi. Asanandipatse ankayamba ayeza magazi, ndipo masiku ena ankandibweza kuti thupi lipume kaye. M'kamwa munkamveka chitsulo, ndipo kukwera masitepe a pafulati pathu kunali ulendo. Thoko ankaphika nyemba zija ndinamuphunzitsa, zofewa mpaka kusanduka phala. Khirisimasi ya 2006 sindinatumize chithunzi ku Ntcheu. Mayi ndinkangowauza pafoni kuti ndinachitidwa opaleshoni ya m'mimba ndipo ndikupeza bwino.

Pamene ndikulemba izi ndi 2009. Ndinabwerera kuntchito, koma sindinyamulanso okalamba, ndimawagawira mankhwala ndi kucheza nawo. Chakudya chilichonse ndimadyera limodzi ndi makapisozi othandiza kugaya, ndipo ndimadzibaya insulini chifukwa kapamba wotsalayo sakwanitsa ntchito yekha. Ndimadya pang'onopang'ono kangapo patsiku, ndipo ndimatsika basi patali kuti ndiyendeko. Pakapita miyezi ingapo ndimapita kukayezetsa magazi, ndipo mpaka lero nambala zili pansi. Madokotala sanena kuti ndachiriratu. Amati pakali pano sakuona kanthu, ndipo ndaphunzira kukhala ndi mawu amenewo. Mayi wa ku Jamaica uja anamwalira chaka cha 2006 chisanathe. Chimene chinapha bambo a Thoko sindidzachidziwa. Mwina chinali chomwe anthu ankanena, ine n'kupulumuka, pakuti dokotala anati zimachitika. Mwina chinali china.

Ndine woonda tsopano, ndipo sindidzanenepanso. Khirisimasi ya 2007 ndinamuuza Thoko kuti andijambule m'nyumba, nditavala diresi ya manja aafupi, n'kutumiza chithunzicho kwa mayi. Patapita milungu ingapo ndinawaimbira pa foni ya mchimwene wanga, mtima uli m'mwamba.

"Chithunzi chafika," anatero. "Anthu akuti zija zakupeza."

Ndinawafotokozera zonse, za kapamba, za magazi, za majuzi. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza ndinawafunsa kuti anthuwo awayankha chiyani.

"Ndawayankha chiyani? Ndachipachika pabalaza, wofuna kuona aone. Zaka zonsezi unkadyera azilamu ako, mwana wanga, ine ndinkaona. Tsopano uzidyera wekha."

Ndalemba izi chifukwa cha azimayi ndi azibambo a kwathu amene tili kuno, amene timayamikirana kunenepa n'kumanong'onezana za kuonda. Wakutsina khutu ndi mnansi. Ngati mukuopa kachilombo, kayezetseni, chifukwa mankhwala alipo, ndipo ine kuopa kuyezetsa kunatsala pang'ono kundiphetsa ndi matenda ena amene sindinkawaganizira n'komwe. Dokotala akakuuzani za thupi lanu, musamuseke ngati mmene ndinkachitira ine. Mukaona kuti mukuonda popanda chifukwa, msana ndi pamimba zikupweteka osasiya, mkodzo wada, thupi likuyabwa kapena maso asintha, pitani msanga ndipo mukanene zonse, ngakhale wina atakuyamikirani pasikelo. Mnzanu akaonda, musamunene m'basi, mutembenuzireni kudzuwa ngati mmene anachitira Anabanda.

Pakati pa ine ndi mayi wa ku Jamaica uja panali masabata ochepa chabe, ndipo ine ndinali nditataya miyezi. Siketi ikayamba kuzungulira yokha m'chiuno, musafunefune pini.